Kusiyana kwa katundu, ngongole ndi mpamba pa bizinesi

Amalonda ambiri m'dziko muno amayeza kukula kwa bizinesi yawo poyang'ana ndalama zomwe apeza pofika madzulo kapena katundu yemwe wadzaza m'mashelefu. Koma kwa akatswiri owerengera ndalama, golosale yodzaza mpaka pakhomo ikhoza kupezeka kuti gawo lake lalikulu ndi la anthu ena.

Kuti chuma chenicheni cha bizinesi chidziwike, pamafunika kusiyanitsa zinthu zitatu: katundu, ngongole ndi mpamba.

Katundu ndi chilichonse chomwe bizinesi ili nacho ndipo chili ndi mtengo, monga ndalama za kubanki ndi za pafoni, zinthu zogulitsa, makina, galimoto ndi nyumba. Ndalama zomwe makasitomala sanalipire atatenga zinthu pangongole zimawerengedwanso mbali imeneyi, ngakhale kuti zina mwa izo sizibwera.

Ngongole ndi zonse zomwe bizinesi ikuyenera kulipira ena. Pano sipalowa ngongole ya kubanki yokha. Malipiro a antchito omwe sanaperekedwe, lendi yotsalira komanso msonkho womwe bungwe la Malawi Revenue Authority likuyembekezera, zonsezi ndi ngongole.

Mpamba tsono ndi zomwe zimatsala ngongole zikachotsedwa pa katundu. Anthu ambiri amadziwa mpamba ngati ndalama zoyambira malonda basi, koma m'mabuku mpamba umakula phindu likasiyidwa m'bizinesi, ndipo umachepa bizinesi ikaluza kapena mwini wake akatapamo ndalama.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi chigayo cha dizilo ku Mponela. Makina ake ndi a K6,000,000, mafuta ndi zida zosinthira ndi za K500,000, kubanki kuli K1,000,000 ndipo omwe anagayitsa pangongole akuyenera kumulipira K500,000. Katundu yense akukwana K8,000,000. Koma mayiyu ali ndi ngongole ya K4,500,000 kubanki, K700,000 ku banki mkhonde ndi K300,000 ya malipiro a anyamata ogayitsa ndi msonkho. Ngongole zonse ndi K5,500,000, kutanthauza kuti mpamba wake ndi K2,500,000 yokha.

Mayiyu atakongolanso K1,000,000 mawa, ndalama za kubanki zidzachuluka koma ngongole nayo idzakwera ndi mlingo womwewo. Mpamba sudzasuntha. Apa ndi pomwe amalonda ambiri amapusitsika, chifukwa ndalama yobwereka ikafika m'manja imaoneka ngati phindu. Akatapa K400,000 ya fizi ya ana kapena yothandizira pamaliro, katundu adzatsika pomwe ngongole ili chimodzimodzi, ndipo mpamba udzatsala K2,100,000. Makina nawo amatsika mtengo chaka ndi chaka akamatha.

Lamulo loti katundu azifanana ndi ngongole kuphatikiza mpamba ndi lakale. Amalonda a ku Italy ankalitsatira kale pomwe Luca Pacioli analilongosola m'buku lomwe linasindikizidwa ku Venice m'chaka cha 1494. Malinga ndi njirayi, kugula kapena kugulitsa kulikonse kumalembedwa mbali ziwiri za buku, kotero kuti mbalizo zikasiyana, zimadziwika kuti penapake palakwika. Chikalata chosonyeza zinthu zitatuzi pa tsiku limodzi chimatchedwa balance sheet.

Mpamba ukhoza kuchepa ngakhale mwini bizinesi asanachite chilichonse. M'mwezi wa November 2023, banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Wamalonda yemwe anali ndi ngongole ya madola 1,000 kwa kampani ya kunja anadzuka ngongole yake itakwera kuchoka pa K1,180,000 kufika pa K1,700,000. Mpamba wake unatsika ndi K520,000 usiku umodzi.

Mabanki amayang'ana ziwerengero zimenezi asanapereke ngongole, pofuna kudziwa ngati pali katundu wokwanira kukhala chikole. Ngongole zikaposa katundu, mpamba umakhala utatheratu, ndipo ngakhale mwini bizinesi atagulitsa zonse kuphatikizapo makina, ndalama zake sizingakwane kulipira onse omwe anamukongoza.