Chifukwa chomwe minibasi zimachedwera kufika kumadera atsopano a ku Njewa

Aliyense amene adadutsapo mumsewu wa Lilongwe-Mchinji m'bandakucha adaona khamu la anthu litaima m'mbali mwa msewu, kuyambira pa Airwing, Njewa, Chitipi mpaka ku Mpingu, kudikira galimoto yopita m'tauni. Ambiri mwa anthuwa amakhala atayenda kale mtunda wapansi kapena pa kabaza kuchokera kunyumba zomwe zamangidwa mkati, kutali ndi phula. Dandaulo lawo ndi limodzi: anthu achuluka chonchi, nanga minibasi zikulekeranji kulowa kukawatenga komwe akukhala?

Kuchuluka kwa anthuko n'kosachita kufunsa. Malingana ndi kalembera wa boma, mzinda wa Lilongwe udali ndi anthu 440,471 m'chaka cha 1998, ndipo chiwerengerochi chidafika pa 674,448 mu 2008 ndi 989,318 mu 2018. Komatu mbali yaikulu ya dera la Mfumu Yaikulu Njewa ili kunja kwa malire a mzinda, choncho anthu ambiri amene amagona kumeneko nkumagwira ntchito m'tauni sali m'chiwerengerochi. Adathawa kukwera mtengo kwa lendi ndi mapuloti mumzinda, nakagula malo komwe kale kudali minda ya chimanga.

Achikulire amakumbukira nthawi yomwe m'mizinda munkayenda mabasi akuluakulu a kampani ya United Transport Malawi, yomwe idagulidwa ndi Stagecoach mu 1989 ndipo pambuyo pake idasanduka Shire Bus Lines. Kampani yotero inkatha kukhazikitsa njira yatsopano ndi ndondomeko ya nthawi, phindu la njira yodzaza likukwirira kuluza kwa njira inzake. Chigwereni Shire Bus Lines m'zaka za m'ma 2000, maulendo a mumzinda adatsala m'manja mwa eni minibasi, aliyense ndi galimoto yake imodzi kapena ziwiri.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mwini minibasi amauza dalaivala ndi kondakitala ndalama yoti abweretse pakutha pa tsiku, mafuta atathira kale. Dalaivala sangayike galimoto panjira yomwe akukayikira, chifukwa ikaperewera ndalamayo mlandu ndi wake. Dera latsopano lili ndi vuto loti anthu onse amalowera kumodzi: m'mawa kupita m'tauni, madzulo kubwerera. Minibasi yolowa mkati m'mawa imapita yopanda anthu, ndipo masana onse imakhala pasiteji kudikira kudzaza. Pamsewu wa phula zinthu n'zosiyana, chifukwa pamadutsa anthu a ku Msundwe, Namitete ndi Mchinji, ena akutsika ena akukwera.

Chachiwiri ndi msewu. Minibasi zambiri m'dziko muno zidabwera zitagwirako kale ntchito kunja, ndipo zipangizo zake zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala ndi china chilichonse cha galimoto chidakwera mtengo. Mwini wake akaona msewu wa fumbi wokumbika, womwe m'dzinja umasanduka matope, amawerengera zomwe zingathyoke asanawerengere okwera. N'chifukwa chake mpata umenewu wadzadzidwa ndi a kabaza a njinga zamoto komanso timagalimoto ta Sienta. Ntchito akuigwira ndithu, koma munthu amalipira kawiri asanafike n'komwe kuntchito, ndipo mayi wa dengu la tomato kapena mwana wa sukulu sakhala pabwino panjinga yothamanga m'matope.

Anthu ena amaganiza kuti boma lingangolamula minibasi kuti zilowe. Zoona zake n'zakuti nthambi yoona za pamsewu ya Road Traffic imapereka chilolezo chonyamulira anthu ndi kuona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda, koma siikakamiza munthu kuyika galimoto yake panjira yomwe sakuifuna. Mbali yomwe boma lili ndi mphamvu ndi ya msewu, ndipo nayonso idagawidwa. Misewu ikuluikulu ngati M12 ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, ya mumzinda ili pansi pa khonsolo ya mzinda, pomwe timisewu ta kunja kwa malire timayang'aniridwa ndi khonsolo ya boma la Lilongwe, yomwe ndalama zake zochepa zimayenera kukwanira dera lalikulu la kumudzi. Munthu wa ku Njewa amagwira ntchito ndi kugula zinthu mumzinda, koma msewu wa kwawo si wa mzinda.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'malo ena ngakhale ndalama zitapezeka, pomanga msewu palibe. Mapuloti adagulitsidwa mothinana, ndipo mipanda ya njerwa idafika mpaka m'njira, moti galimoto ziwiri sizingapishane, osanena za potembenukira minibasi. Kugumula nyumba kumafuna chipukuta misozi, chomwe nthawi zina chimadya ndalama zomwe zikadagula miyala ndi phula. Kumadera komwe minda ikadagawidwabe, mafumu ndi makomiti a chitukuko ali ndi mwayi wosiya malo a msewu waukulu ndi siteji nyumba zisanamangidwe.

Ngakhale minibasi itafika mkati, vuto lina likhalapobe. Pafupifupi njira zonse za mumzinda zimakathera kudepoti ya ku Old Town, kotero wogwira ntchito kumafakitale a ku Kanengo amayamba walowa m'tauni kenako nkukweranso ina. Pamene eni minibasi akulingalira zokafika ku Njewa, aganizirenso njira yodzera mumsewu wa Kaunda kulowera ku Area 49 ndi Area 25, yomwe ingachotse ulendo umodzi pa maulendo atatu omwe wantchito wa ku Kanengo amalipira m'mawa uliwonse.