Malonjezo a Chaka Chatsopano Akakumana ndi Januwale

Usiku wa pa 31 Disembala matchalitchi ambiri m'Malawi muno sagona. Mapemphero ochezera amayamba kukangoda, makwaya akusinthana, ndipo nthawi ikakwana 12 koloko nthungululu zimamveka mpaka kumsewu kumene anyamata akuphulitsa makombola. Apa mpamene anthu amadzilonjeza zazikulu: chaka chino mowa basi, nyumba imangidwa, geni iyamba, sukulu ya MSCE ibwerezedwa, mimba iphwa. Ena amalemba kuchikuto cha Baibulo, ena amalengeza pa Facebook kuti dziko lonse lichitire umboni.

Kukacha amawalandira ndi Januwale, mwezi umene anthu amauseka kuti uli ndi masiku 60. Malipiro a Disembala anathera pa mpunga, nkhuku ndi zovala za ana. Teremu yachiwiri ikutsegulidwa, fizi ikufunika. Kumunda chimanga chikudikira feteleza wobereketsa, udzu wakula, aganyu akufuna zawo. M'nkhokwe zambiri chimanga chimakhala chikutha, ndipo pamsika mtengo wake umakwera mpaka zokolola zitayamba kulowa cha mu Epulo. Munthu amene analumbira kuti azisunga theka la malipiro ake amapezeka pakhomo pa wakatapila tsiku la 20 lisanafike, kenako n'kumadzitcha wolephera.

Komatu nthawi zambiri cholakwika si munthuyo, ndi kukula kwa lonjezo ndi nyengo imene walichitira. Tsiku la 1 Januwale silinasankhidwe poyang'ana munda wa ku Dedza. Linachokera ku Roma wakale, kumene kuyambira m'chaka cha 153 Yesu asanabadwe akuluakulu a boma ankayamba ntchito patsikuli. Kalendala ya thumba la Mmalawi imayenda mwina: imafufuma chimanga, soya ndi mtedza zikakololedwa komanso misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, n'kudzaphwa mvula ikagwa.

Kuphwanya malonjezo a chaka chatsopano si matenda a kuno kokha. Katswiri wa za maganizo a anthu wa pa yunivesite ya Scranton ku America, John Norcross, anatsatira anthu 200 kwa zaka ziwiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Patatha sabata imodzi, 77 pa 100 alionse anali akusungabe lonjezo lawo. Patatha zaka ziwiri anatsala 19 okha. Nambala imeneyi imakonda kutchulidwa pofuna kunyoza mwambowu, koma kafukufuku wina wa Norcross yemweyo, wa mu 2002, anaonetsa mbali ina. Mwa anthu amene anatsimikiza zosintha khalidwe lina poyamba chaka, 46 pa 100 alionse anali akuchitabe bwino patatha miyezi isanu ndi umodzi. Mwa amene ankangolakalaka kusintha osatsimikiza kanthu, anali 4 okha.

Ndiye kuti kulonjeza kuli ndi phindu. Nkhani yagona pa kalonjezedwe.

Ku Sweden, gulu la Per Carlbring wa pa yunivesite ya Stockholm linatsatira anthu oposa 1,000 kwa chaka chathunthu, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2020. Amene zolinga zawo zinali zoyamba chinthu chatsopano anapambana kwambiri, pafupifupi 59 pa 100, kuyerekeza ndi 47 pa 100 mwa amene zolinga zawo zinali zosiya kapena kupewa chinthu. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Bambo amene wangoti wasiya mowa amafika Lachisanu madzulo ali ndi maola anayi opanda chochita, anzake akumuimbira foni. Amene wati Lachisanu lililonse azikhala ku kwaya ya abambo, kapena azikathirira dimba, ali ndi kopita.

Chitsanzo chogwira mtima kwambiri chili konkuno, kuminda ya tiyi ku Mulanje. Mu 2017 akatswiri a zachuma atatu, Lasse Brune, Eric Chyn ndi Jason Kerwin, anagwirizana ndi kampani ya Lujeri kuyesa njira yooneka ngati yachibwana. Wogwira ntchito ankaloledwa kusankha kuti gawo la malipiro ake lizitsala kukampani kwa miyezi itatu, kenako adzalandire zonse pakamodzi, popanda chiwongoladzanja ngakhale tambala imodzi. Mwa masamu a m'buku palibe amene akanavomera, chifukwa ndalama ya lero imaposa ya mawa. Koma pafupifupi theka la amene anapatsidwa mwayiwu anavomera. Ndalamazo zitatuluka anagula zinthu zofuna ndalama yambiri nthawi imodzi, ndipo patatha zaka ziwiri, njirayi itabwerezedwa, ofufuzawo anapeza kuti ambiri a iwo anali atakonza nyumba zawo kuposa anzawo, makamaka kufolera ndi malata.

Othyola tiyi aja sanasanduke anthu ena usiku umodzi. Anangodziwa kuti ndalama ikakhala m'thumba ili ndi miyendo: mlamu wadwala, kwagwa maliro, pamsika pafika kaunjika wabwino. Anaichotsa pamaso isanayambe kuyenda. Cholinga chawo chinali ndi muyeso, chinali ndi tsiku, ndipo sichinkadalira kulimba mtima kwa m'mawa uliwonse.

Amayi a banki mkhonde nzeru imeneyi anaidziwa kale. Njirayi, imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, inafalikira m'midzi ndi m'matauni muno mpaka kukhala ngati yobadwira konkuno. Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wawo amaudziwa mwambo wake. Mphasa yayalidwa pansi pa mtengo wa mango, bokosi laikidwa pakati, ndipo m'magulu ambiri limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana. Mlembi amaitana maina, aliyense n'kuponya masheya ake anthu onse akuona, wochedwa n'kulipira chindapusa. Palibe amene amalumbira kuti chaka chino alemera. Funso limakhala limodzi: sabata ino mwabwera ndi masheya angati? Magulu ambiri amagawana ndalama kumapeto kwa chaka, feteleza ndi fizi zikuyandikira. Chipereganyu cha m'maofesi ndi m'misika, chimene ku Zambia amachitcha chilimba, chimayendera mfundo yomweyi, kuti manyazi a pagulu amagwira ntchito imene chikumbumtima chokha chimalephera.

Pali chenjezo limene mabuku a kunja ophunzitsa za zolinga salitchula. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene analemba mu Januwale kuti asunga ndalama zakutizakuti zomangira nyumba anafika Disembala ndalamazo zilipo ndithu, koma zosakwana kugula zimene ankafuna. N'chifukwa chake omanga ochenjera sawerengera cholinga chawo m'makwacha. Amati chaka chino malata 20, awiri mwezi uliwonse kupatula Januwale ndi Febuluwale, n'kumawaimika kuseri kwa kabati. Amati uvuni umodzi wa njerwa dzuwa likadzawala. Simenti yokha ndiyo yosafunika kuithamangira, chifukwa ikakhalitsa imauma n'kusanduka mwala. Lata limaoneka, limawerengeka, ndipo n'kovuta kulibwereketsa kwa mlamu.

Kuchuluka kwa zolinga nakonso kumagwetsa anthu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mndandanda wa malonjezo khumi umafuna ndalama ndi nthawi zochokera m'thumba limodzi lomwelo. Chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira, bola munthu adziwe liti, kuti, ndiponso motani. Katswiri wa ku Germany, Peter Gollwitzer, wakhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti munthu amene wakonzeratu kuti chakuti chikachitika ndidzachita chakuti amakwaniritsa zambiri kuposa amene ali ndi chikhumbo chokha. Kunena kuti ndizisunga ndalama n'kosiyana ndi kunena kuti malipiro akangolowa pafoni, ndisanatuluke pageti, nditumiza gawo la gulu.

Nanga wophonya tsiku? Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankaphunzira chizolowezi chatsopano, monga kumwa madzi pachakudya chamasana kapena kuthamanga pang'ono. Kuti chinthucho chiyambe kuchitika chokha zinkatenga masiku pafupifupi 66, ena 18 okha, ena mpaka 254, osati masiku 21 amene amatchulidwa kawirikawiri. Anapezanso kuti kudumphitsa tsiku limodzi sikunkaononga kanthu kwenikweni. Masiku 66 kuchokera pa 1 Januwale amathera sabata yoyamba ya Malichi, kutanthauza kuti nthawi yonse yovutayo imagwera pakatikati pa nyengo ya njala ndi matope.

Mwina n'chifukwa chake mlimi sayenera kuumirira tsiku la Aroma. Ofufuza ena, Hengchen Dai, Katherine Milkman ndi Jason Riis, anaonetsa mu 2014 kuti mtima woyambiranso umabwera pa chiyambi chilichonse, kaya ndi Lolemba, mwezi watsopano kapena tsiku lobadwa. Ndipo kumadzulo kwa Kenya, Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson anapeza kuti alimi ambiri ankanena kuti adzathira feteleza nyengo yotsatira, koma pofika nthawi yodzala ndalama zinali zitatha. Atapatsidwa mwayi wolipiriratu feteleza atangokolola kumene, n'kulonjezedwa kuti adzawabweretsera pakhomo kwaulere, chiwerengero cha othira feteleza chinakwera kwambiri. Kuno kwathu nthawi yoteroyo imagwa pakati pa Meyi ndi Julayi, matumba a soya atangokwera pasikelo ya venda, ndalama zikadali m'mpango.