Mwana wanu akauzidwa za psilocybin, akonzekere bwanji?

Amayi, ngati muli ndi mwana kapena m'bale kunja amene akuvutika ndi matenda okhumudwa, tsiku lina angakuuzeni za psilocybin, mankhwala opezeka mu mtundu wina wa bowa. Ku Australia, kuyambira pa 1 Julayi 2023, madokotala ena a matenda a maganizo amaloledwa kuwapereka kwa odwala amene mankhwala ena sanawathandize. Ku Oregon, m'dziko la America, amaperekedwa m'malo ovomerezeka kwa anthu a zaka 21 kapena kupitirira.

Mulangizeni kuti asabise kanthu kwa omuyang'anira. Atchule mankhwala onse amene akumwa, makamaka lithium, vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ndiponso ngati kumtundu kwanu wina adadwalapo misala. Pano mungamuthandize, chifukwa mbiri ya banja mumaidziwa ndinu.

Patsikulo adye pang'ono, poti mankhwalawa amachititsa nseru. Mphamvu yake imatha maola 4 mpaka 6, ndipo mantha amatha kumugwira. Asayendetse galimoto, apezeretu womuperekeza kunyumba.

Izi n'zochitika pamaso pa akatswiri. Musayesere ndi bowa wakuthengo wosadziwika, chifukwa wina amapha.