Cithunzi ca ku situdiyo cili ndi maleya: funsani musanalipire

Masiku ano m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, maliro ambiri amakhala ndi pulogilamu yosindikiza yokhala ndi nkhope ya malemu. Ukwati nawo ufuna khadi, parishi ifuna kalenda, kopaletivi ya alimi ifuna cikwangwani. Zonsezi zimapangidwa pa kompyuta m'masitudiyo a pa boma kapena ku Chipata. Timapereka ndalama, timatenga pepala, basi n'kumapita. Koma ambiri a ife sitidziwa mmene cithunzico cimamangidwira, ndipo kusadziwa kumeneku kumatidyera ndalama. Nthawi zina kumatitayitsa cithunzi cimodzi cokha ca kholo lathu cimene tinali naco pa mudzi.

Cinsinsi ca nchito imeneyi cagona pa zimene akatswiri amacha maleya. Ganizirani magalasi a zenera asanu osanjikizana. Pa galasi la pansi pali thambo ndi mitambo, pa laciwiri pali nkhope ya munthu, pa lacitatu maluwa, pa lacinayi dzina, pa lacisanu masiku. Mukayang'ana kucokera pamwamba muona cithunzi cimodzi, pamene kweni-kweni ndi zidutswa zisanu. Mutha kusolola galasi la dzina, kulipukuta ndi kulembanso, osakhudza nkhope ngakhale pang'ono. Galasi lililonse ndiye leya.

Luso limeneli si la dzulo. Pulogilamu ya Photoshop inalembedwa ndi abale awiri a ku America, Thomas ndi John Knoll, ndipo kampani ya Adobe inayamba kuigulitsa mu 1990. Maleya anabwera mu 1994 pamodzi ndi Photoshop 3.0. Cisanafike caka cimeneco, ciliconse cimene munthu anamata pa cithunzi cinali kumamatira pomwepo monga utoto pa khoma. Lero maleya apezeka m'mapulogilamu ambiri. GIMP ndi yaulere, Photopea imatseguka pa intaneti popanda kuiika m'kompyuta, ndipo ngakhale Canva ndi Picsart za pa foni zimasanjika zinthu mwa njira yomweyo.

Tiyeni titenge pulogilamu ya maliro monga citsanzo. Wodziwa nchito amayamba ndi kuika cithunzi coyambirira pa leya ya pansi n'kuitseka ndi loko kuti isakhudzidwe. Kenaka amapanga kope lake pa leya ya pamwamba, ndipo ndi pa kopelo pamene amacotsa zokanda, madontho a madzi ndi mizere ya popinda. Ngati malemu anajambulidwa pakati pa gulu, safufuta anthu enawo koma amawaphimba ndi cimene amacha masiki. Pamene apaka mtundu wakuda pa masiki, cithunzi cimabisika. Pamene apaka woyera, cimaonekanso. Motero akalakwitsa n'kudula khutu kapena duku, amangopaka woyera ndipo khutulo labwerera. Koma wofufuta ndi labala wa pa kompyuta, akangosunga fayilo n'kuitseka, cimene wafufutaco capita.

Dongosolo la maleya nalonso ndi lofunika. Leya ya pamwamba imaphimba za pansi pake, conco dzina likakhala pansi pa maluwa silidzaoneka. Pambali pa leya iliyonse pali kacizindikiro ka diso. Mukadina pamenepo leyayo imabisika, mukadinanso imabwerera. Palinso muyeso wa kuonekera, kucokera pa 0 mpaka 100. Mtanda woikidwa pa 20 umaoneka mozirala kumbuyo kwa mawu ndipo suvutitsa owerenga. Mmisiri wosamala amapatsa leya iliyonse dzina lake, monga "nkhope", "dzina", "vesi", ndi kuika zogwirizana m'kagulu kamodzi. Iye akadwala kapena kusamuka, mnzace atha kupitiriza nchitoyo popanda kufufuza m'maleya makumi awiri opanda maina.

Tsono apa ndi pamene pagona ndalama zanu. Nchito ikatha, situdiyo imapanga fayilo ya JPEG yokasindikiza kapena kutumiza pa foni. JPEG simasunga maleya. Imawaphatikiza onse kukhala cinthu cimodzi, monga ufa ndi madzi zikasanduka nsima. Maleya amasungika m'fayilo ya PSD ngati anagwiritsa nchito Photoshop kapena Photopea, kapena ya XCF ngati ndi GIMP. Banja limene lili ndi PSD likapeza kuti dzina lalembedwa Tembu m'malo mwa Tembo, kukonza kwace ndi mphindi zocepa. Pakapita caka, pa mwambo wa ciliza, angosintha tsiku ndi mawu. Komiti ya parishi nayo ingosintha manambala a kalenda caka cikatha. Koma amene anatenga JPEG yokha adzalipiranso nchito yonse, ndipo mwina adzapeza kuti kompyuta ya ku situdiyo inafa kale pamodzi ndi zonse zinali momwemo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Palinso nkhani ya kukula kwa cithunzi. Osindikiza amafuna madontho 300 pa inchi iliyonse kuti nkhope ituluke bwino. Pa pepala la A4 ndiye kuti madontho 2480 m'mimba ndi 3508 m'litali. WhatsApp imacepetsa cithunzi cotumizidwa mwa nthawi zonse, ndiye cifukwa cace nkhope zina pa zikwangwani zimaoneka ngati zapakidwa phala. Uzani wacibale wa ku Lusaka kapena ku Kitwe kuti atumize cithunzico monga dokyumenti, cifukwa cikatero cimafika monga mmene cinaliri.

Zithunzi zakale zifuna cisamaliro coposa. M'mabanja ambiri muli cithunzi cimodzi cokha ca agogo, mwina cojambulidwa pamene anali pa nchito ku migodi ya ku Copperbelt kapena ku Wankie. Musalole munthu kucidula ndi lumo kapena kucimata pa katoni. Acijambule pa sikana inu muli pomwepo, ndipo mubwerere naco kunyumba tsiku lomwelo. Ngati mufuna kuti agogo avekedwe suti kapena aimikidwe patsogolo pa chalichi cimene anathandiza kuumba njerwa zace, palibe colakwa. Koma sutiyo ikhale pa leya yace. Adzukulu ali ndi ufulu wodzaona agogo awo monga mmene analiri, ndi malaya ao ong'ambika pa phewa ndi mphini za pa nkhope.

Cimodzi-modzinso zithunzi za ku Kulamba. Kumapeto kwa Ogasiti, Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukalamba Kalonga Gawa Undi, ndipo zikwi za zithunzi zimajambulidwa pamenepo. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005, motero zithunzi zimenezi ndi mbiri ya mtundu. Kuonjezerapo dzina la mudzi ndi caka n'kwabwino. Koma kumata nkhope ya munthu pafupi ndi mafumu pamene iye kunalibe, limenelo ndi bodza limene ana athu adzaliwerenga ngati mbiri.

Bodza la zithunzi linayamba kale makompyuta asanabwere. Ku Soviet Union, Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi acinsinsi, anajambulidwa ali pambali pa Joseph Stalin m'mphepete mwa ngalande ya madzi. Ataphedwa mu 1940, akatswiri anamucotsa pa cithunzico, pamalo pace n'kutsala madzi okha. Mu 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times inacotsa nchito wojambula wace Brian Walski cifukwa cophatikiza zithunzi ziwiri za nkhondo ya ku Iraq kukhala cimodzi. Zimene kale zinafuna katswiri ndi cipinda ca mdima, lero mwana wa sukulu atha kuzicita pa foni, ndipo mapulogilamu a AI apeputsanso nchitoyo.

Inu alimi, apa cenjerani. Cithunzi ca cimanga cacikulu ngati mkono pa Facebook cingakhale cimanga wamba cokulitsidwa pa leya yace. Musagule mbeu cifukwa ca cithunzi. Funsani alangizi a zaulimi a ku kampu yanu, ndipo onani ngati thumba lili ndi cizindikiro ca SCCI, bungwe la boma loyesa mbeu. Coopsa cina ndi ca ogula soya, nshawa ndi mpendadzuwa amene amaonetsa cithunzi ca uthenga wakuti ndalama zatumizidwa. Manambala a pa cithunzi cotere amasinthika mosavuta: munthu angophimba akale ndi kulemba ena pamwamba. Matumba asakwere galimoto musanaone ndalamazo pa foni yanu inu eni. Pa cithunzi cokayikitsa, yang'anani mithunzi yoloza mbali zosiyana, m'mphepete mwa munthu mooneka ngati modula ndi lumo, ndi manambala osiyana kukula ndi anzao.

Conco popita ku situdiyo, tengani fulashi kapena kadi ya memore. Musanalipire, pemphani zinthu zitatu: cithunzi coyambirira cosakhudzidwa, fayilo ya maleya, ndi JPEG yosindikiza. Gwirizanani za mtengo wace nchito isanayambe kuti pasadzakhale mkangano. Werengani maina ndi masiku pa kompyuta pomwepo, makamaka muli anthu awiri, makina asanayambe kulavula mapepala 200. Alembi a parishi, a mphakati ndi a makopaletivi asunge mafayilo amenewa pa malo awiri, ndi kuwapereka kwa owalowa m'malo pamodzi ndi mabuku a ndalama. Inunso eni masitudiyo, muonetseni kasitomala maleya ace ndi kumupatsa fayilo yace. Munthu amene mwamucitira cilungamo pa maliro ndi yemweyo adzabwera ndi khadi ya ukwati wa mwana wace.