Cuma Cimene Cinagona Pansi pa Fumbi: Za Anthu Oukitsa Magalimoto Akale a ku Italy

M'caka ca 2014 akatswiri awiri a malonda a magalimoto akale, ocokera mu mzinda wa Paris, anaitanidwa ku mudzi wa Échiré kumadzulo kwa dziko la France kuti akaone cuma ca masiye. Atalowa m'kati mwa mpanda, anapeza magalimoto pafupi-fupi 60 ali ndandanda pansi pa zisakasa za malata. Ena matayala anali ataphwa kale-kale, ena zitseko zinali zitadyeka ndi dzimbiri, ndipo ena zomera zoyanga zinali zitalowa m'mazenera. Koma m'cipinda cina cotsekeka bwino, pansi pa mulu wa magazini akale, munali galimoto yaing'ono ya mipando iwiri yopangidwa ku Italy m'caka ca 1961. Dzina lace ndi Ferrari 250 GT California Spider.

Pa 6 February 2015 galimotoyo inagulitsidwa ku Paris pa okushoni, malonda aja amene munthu wochula mtengo woposa anzace ndiye atenga katundu. Sanaipake utoto watsopano kapena kuikongoletsa mwa njira iriyonse, komabe inagulidwa pa mtengo wa ma euro 16.3 miliyoni. Euro ndi ndalama ya maiko ambiri a ku Ulaya. Magalimoto onse 59 amene anagulitsidwa tsikulo anabweretsa ma euro oposa 25 miliyoni, motero galimoto imodziyi inapambana anzace onse 58 kuwaika pamodzi.

Amene anayamba kusonkhanitsa magalimotowa anali Roger Baillon, mwini kampani ya malole onyamula katundu. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 iye anali kugula magalimoto akale, ena kuwalanditsa kwa ophwanya zitsulo, ndi colinga cakuti adzamange nyumba yoonetseramo anthu. Malonda ace anagwa m'zaka za m'ma 1970, magalimoto ambiri anagulitsidwa, ndipo otsalawo anakhala pamalo amodzi zaka zambiri-mbiri. Iye atamwalira, mwana wacenso atamwalira, adzukulu ndiwo anaitana akatswiri aja.

Nkhani zotere ndizo zimakopa anthu ambiri ku Ulaya ndi ku America kuti ayambe kugula magalimoto akale a liwiro a ku Italy ndi kumawakonza pa nthawi yao yopuma. Koma amene akhala nthawi yaitali pa nchito imeneyi amacenjeza kuti ukalamba wokha supatsa galimoto mtengo. Cimene cimaipatsa mtengo ndi kasungidwe kace, luso la manja amene anaikonza, ndiponso mbiri yace yoona.

AMENE ANAWAPANGA

Magalimoto amenewa anabadwira m'mizinda ya kumpoto kwa Italy. Fiat inayamba ku Turin mu 1899, Lancia ku Turin komweko mu 1906, Alfa Romeo ku Milan mu 1910, ndipo Maserati ku Bologna mu 1914. Enzo Ferrari, amene poyamba anali woyendetsa magalimoto a mpikisano a Alfa Romeo, anatulutsa galimoto yoyamba ya dzina lace mu 1947 ku Maranello. Ferruccio Lamborghini, mwana wa alimi a mphesa, anayamba ndi kupanga mathirakita pogwiritsa nchito zitsulo zotsala za magalimoto a nkhondo, ndipo atalemera ndi mathirakitawo anatsegula fakitale ya magalimoto a liwiro mu 1963.

Galimoto wamba imakhala ndi masilinda 4 mu injini yace, koma Ferrari 250 iri ndi masilinda 12. Nambala ya 250 ichula kukula kwa silinda imodzi, ndipo onse pamodzi akwana malita 3. Thupi la galimoto silinali kupangidwa ndi makina monga zicitikira lero. Amisiri a makampani ena, monga a Scaglietti ku Modena, anali kusula citsulo kapena aluminiyamu ndi nyundo mpaka citatenga maonekedwe ofunika, mofanana ndi mmisiri wokhoma ndowa pa msika. Cifukwa ca ici, citseko ca galimoto imodzi kawiri-kawiri sicikwana pa inzace ya mtundu womwewo, ndipo wokonza ayenera kusula cina ndi manja.

Popeza nchitoyo inali ya manja, magalimoto ena anapangidwa owerengeka cabe. A mtundu wa Ferrari 250 GTO anapangidwa 36 okha pakati pa 1962 ndi 1964, ndipo imodzi inagulidwa ku Monterey, m'dziko la America, pa madola 48.4 miliyoni mu August 2018.

SI ONSE OLEMERA

Anthu ambiri okonda nchito imeneyi sakhudzako Ferrari m'moyo wao wonse. Ndi aphunzitsi, amakanika, akalaliki ndi anthu opuma pa nchito, amene amasunga ndalama pang'ono-pang'ono kuti agule galimoto ya mtengo wofikirika, monga Alfa Romeo Spider kapena Fiat 124 Sport Spider. Yonse iwiri inayamba kupangidwa mu 1966. Ya Fiat inapitirira mpaka 1985, inapangidwa pafupi-fupi 200,000, ndipo yambiri inatumizidwa ku America.

Dzina la Fiat si lacilendo m'Zambia, pakuti m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 magalimoto a Fiat anali kulumikizidwa pa fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, ngakhale kuti fakitaleyo inaleka kale nchito imeneyo. Injini ya 124 Sport Spider, imene anaikonza katswiri Aurelio Lampredi yemwe kale anali kupanga mainjini a Ferrari, ndi ya banja limodzi ndi imene inaikidwa m'magalimoto onyamula mabanja monga Fiat 125 ndi 132. Makanika wacikulire amene anamasulapo injini ya Fiat 132 sangasokonezeke atatsegula boneti ya Spider.

POGULA

Akulu-akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mdani wamkulu wa magalimoto amenewa ndi dzimbiri. M'maiko ozizira amathira mcere m'misewu nthawi ya cisanu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcerewo umadya citsulo kuyambira pansi. Magalimoto a m'zaka zimenezo sanali otetezedwa mokwanira. Mu 1980 kampani ya Lancia inacita kugulanso kwa eni ace ku Britain magalimoto ambiri a mtundu wa Beta cifukwa ca dzimbiri, ndipo mbiri yace m'dzikomo inaipa kwa zaka zambiri. Ndico cifukwa cace ogula amafuna-funa magalimoto amene anakhala ku malo ouma monga California ndi Arizona.

Wogula wocenjera sayamba ndi kuyang'ana kuwala kwa utoto. Amagona pansi ndi toci, nayang'ana kunsi kwa zitseko, popondera mapazi ndi pamene pamangiriridwa masipuling'i. Amanyamulanso maginito wamng'ono. Pamene pali citsulo ceni-ceni maginito amagwira, koma pamene wogulitsa anamata bowo ndi phala louma n'kupakapo utoto, maginito amagwa. Njira imeneyi sithandiza pa thupi la aluminiyamu, pakuti maginito sagwira aluminiyamu, motero pamenepo pafunika diso la mmisiri wozolowera.

Cinthu caciwiri ndi manambala. Galimoto iriyonse iri ndi nambala yodindidwa pa chasisi, ndiye mafupa a citsulo amene anyamula thupi lonse, ndi inanso pa injini. Ngati manambalawo agwirizana ndi zimene zinalembedwa m'mabuku a fakitale, ndiye kuti injiniyo ndi yomwe galimoto inabadwa nayo, ndipo mtengo umakwera. Kufunika kwa nambala kunaoneka mu August 2023 ku Monterey, pamene cigoba ca Ferrari 500 Mondial ya 1954, copindika ndi copserera ndi moto, copanda ngakhale mpando, cinagulidwa pa madola pafupi-fupi 1.9 miliyoni. Wogulayo analipira dzina ndi nambala, pakuti pa nambala imeneyo akhoza kumangapo galimoto yonse ndipo idzawerengedwa kuti ndi yeni-yeni.

Pamene pali ndalama zambiri pamakhalanso akathyali. Ena amatenga Ferrari ya mtengo wocepa, naidula ndi kuiveka thupi la ina ya mtengo wapatali. Mu 2006 kampani ya Ferrari inatsegula cigawo cochedwa Ferrari Classiche, cimene cimayesa galimoto poifanizira ndi mabuku akale a fakitale, ndipo ikapezeka yoona cimapereka buku lofiira la umboni. Munthu wogula Fiat kapena Alfa Romeo yochipa amadalira mabungwe a eni magalimoto a mtundu umenewo, ndiponso malisiti akale oonetsa kuti inakonzedwa liti ndi kuti. Safunsa anadya phula.

NCHITO YA ZAKA

Galimoto ikafika m'garaja, wokonza amayamba ndi kujambula zithunzi za ciwalo ciriconse asanacimasule. Mabauti ndi manati amaikidwa m'timatumba tolembedwa maina, pakuti pakapita zaka ziwiri palibe amene angakumbukire kumene kabauti kalikonse kanacokera. Kenaka utoto wonse umapalidwa mpaka citsulo cioneke. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi, cifukwa dzimbiri loonekera kunja limakhala locepa poyerekeza ndi lobisika. Malo odyeka amadulidwa, zigamba zatsopano zimasulidwa ndi kuwocherera, ndipo thupi limayesedwa kuti lisapendekeke.

Injini imamasulidwa yonse. Mapisitoni, maring'i ndi mabering'i amayesedwa, otha nacotsedwa. Magalimoto ambiri a liwiro a ku Italy ali ndi makabuleta a Weber, amene anali kupangidwa ku Bologna, ndipo injini imodzi ikhoza kukhala ndi awiri, atatu, ngakhale 6. Onse ayenera kupuma mofanana, apo ai injini imatsokomola ndi kumwa petulo wambiri. Mawilo a Borrani a ku Milan ali ndi masipoko monga a njinga, ndipo amawongoledwa mwa njira yomweyo imene wokonza njinga amacitira, kumanga sipoko imodzi ndi kumasula ina kufikira wilo litaleka kupepeluka. Pa injini ya Fiat ija pali lamba wa mphira woyendetsa mavalavu, amene ayenera kusinthidwa pa nthawi yace, pakuti akaduka injini ikhoza kuonongeka. Mawaya a magetsi, zikumba za mipando ndi utoto zimabwera pamapeto.

Munthu wogwira yekha madzulo ndi pa Ciweru amatha zaka zingapo asanamve injini ikulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amalekera panjira, ndipo pa msika pamapezeka magalimoto ogulitsidwa ali m'makatoni. Coonadi cina cowawa n'cakuti maola ocotsa dzimbiri pa Fiat yochipa sasiyana kweni-kweni ndi a pa galimoto ya mtengo wapatali, motero ndalama zokonzera kawiri-kawiri zimaposa mtengo umene galimotoyo ingagulitsidwe. Wolowa m'nchitoyi kuti alemere amatuluka ndi ngongole, ndipo mabanja ena akangana cifukwa ca ndalama zothera m'garaja. Amene amapirira ndi aja okondwera ndi nchito ya manja yeni-yeniyo.

KUKONZA KAPENA KUSIYA

Pakati pa okonda magalimotowa pali kusiyana maganizo. Ena amafuna kuti galimoto iwale kuposa tsiku limene inatuluka m'fakitale. Ena amati utoto woyamba ndi cikumba coyamba zikacotsedwa sizibweranso, motero galimoto imene inasungika bwino iyenera kungotsukidwa ndi kukonzedwa injini ndi mabuleki. Maganizo aciwiriwa ndiwo anathandiza kukweza mtengo wa Ferrari ya ku Échiré.

Onse amavomerezana pa cinthu cimodzi, kuti galimoto yongokhala imafa msanga. Petulo amaonongeka m'thanki, mphira umang'ambika, mabuleki amagwirana ndipo makoswe amadya mawaya. Ndico cifukwa cace eni ace amakonda kuwayendetsa pa misonkhano. Wochuka kwambiri ndi Mille Miglia, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 1,600 kucokera ku Brescia kupita ku Rome ndi kubwerera. Kuyambira 1927 unali mpikisano wa liwiro m'misewu ya anthu onse, koma unaletsedwa mu 1957 pamene Ferrari ina inaphulika tayala pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo, nipha woyendetsa, mnzace ndi oonerera 9. Unayambikanso mu 1977, koma tsopano wopambana ndi amene asunga bwino nthawi yoikika, ndipo amaloledwa ndi magalimoto a mitundu imene inathamangapo m'mpikisano wakale uja.

Ku Échiré magalimoto onse anali m'manja mwa banja limodzi ndipo anakhala zaka zambiri pa malo amodzi. Amene anasiyidwa m'zisakasa zopanda zipupa anadyeka mpaka ena anatsala zigoba, pamene Ferrari ija, pamodzi ndi Maserati ya 1956 imene inali nayo m'cipinda cimodzi, inapezeka yathunthu cifukwa ca denga labwino ndi citseko cotseka. Dzimbiri silidziwa dzina la fakitale kapena mtengo wa cinthu. Momwe limadyera Ferrari ndi momwenso limadyera pulawo yosiyidwa m'munda dzinja lonse, ngolo yogona pa mvula ndi njinga yotsamira pa nkhokwe. Mlimi amene amapukuta zipangizo zace nchito ikatha, nazipaka girisi, naziika pouma, ndi kusunga malisiti ace m'cikwama, acita zomwezo zimene akatswiri a ku Maranello amafuna kuona asanapereke buku lao lofiira.