Nkhalango 27 ndi Magwero a Mtsinje wa Chalimbana

M'nkhani ino tifotokoza m'mene nkhalango imasungira madzi a mtsinje, ndiponso cifukwa cake nchito yoiteteza siingasiyidwe m'manja mwa boma lokha. Citsanzo cathu ndi Nkhalango 27, imene ili kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Kumeneko ndiko kuli magwero a Chalimbana, mtsinje umene umathira mu Chongwe, m'dziko la Asoli.

Coyamba tiyenera kumvetsa liwu lakuti gwero. Ambiri akalimva amaganiza za kasupe, pamene madzi amatumphuka. Koma kasupe ndi khomo cabe lotulukira madzi. Nkhokwe yake ndi nthaka yonse ya kumtunda. Mvula ikagwa m'nkhalango, masamba ofota pansi amacepetsa liwiro la madzi, ndipo madziwo amalowa m'nthaka pang'onopang'ono. Ndiwo amene amatuluka m'madambo ndi m'mitsinje m'cilimwe, mvula italeka kalekale. Mitengo ikadulidwa, pamalopo pakamangidwa nyumba ndi misewu, madzi amathamanga pamwamba nakokolola nthaka, ndipo mtsinje umaphwa msanga.

Mbiri ya nkhalangoyi icitira umboni zimenezi. Boma linayamba kuiteteza mu 1957. Mu 1983 citetezoco cinacotsedwa, mitengo inagwetsedwa, ndipo madzi a Chalimbana anacepa kwambiri. Pamenepo anthu okhala m'mbali mwa mtsinjewo, eni mafamu ndi a m'midzi omwe, anagwirizana napereka dandaulo lao kwa Pulezidenti Frederick Chiluba, ndipo mu 1996 nkhalangoyo inatetezedwanso. Komabe pakati pa 2017 ndi 2019 mbali zina zinacotsedwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyo inakafika ku khoti.

Apa tiona kuti citetezo ca papepala cimaikidwa ndi kucotsedwa, koma cimene cinabweza nkhalangoyo ndi mgwirizano wa anthu omwera mtsinje umodzi. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'dera kupanga magulu osamalira nkhalango zao. Mwini famu naye ali ndi gawo lake: kusiya mitengo ndi bango m'mphepete mwa mtsinje, ndi kusapatutsa madzi onse osaganizira anzake a kumunsi.

Motero pophunzitsa liwu lakuti gwero, tiyenera kulipatsa tanthauzo lake lonse. Mwana amene aligwirizanitsa ndi kasupe yekha sadzaona colakwa podula mtengo umene uli kutali ndi madzi.