Osanja mapulogalamu a Debian

Debian 12 itatuluka mu 2023 inali ndi mapaketi opitirira 60,000. Dokotala kapena mphunzitsi amene wangoiika pa kompyuta yake angadziwe bwanji omuthandiza pakati pa khwimbi lotereli? Alipo anthu, ambiri mwa iwo ongodzipereka, amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa mapulogalamu oyendera limodzi n'kuwapatsa dzina limodzi.

Chida chawo chachikulu amachitcha metapackage. Mkati mwake mulibe pulogalamu, muli mayina a mapaketi ena basi, ngati kapepala kolembapo zokagula kumsika. Munthu akalemba apt install med-bio, kompyuta imakoka pakamodzi mapulogalamu ofufuzira DNA ndi mapuloteni amene akanatha masiku akuwasaka limodzilimodzi.

Chovuta pa kapepalako ndi kulemba kwake. Wosanja amatsegula fayilo ya task, ndipo dzina lililonse ayenera kuliganizira malo. Akaliika pa Depends, ndiye kuti gulu lonse silingakhale popanda paketiyo. Pa Recommends imabwera yokha koma mwini kompyuta atha kuichotsa, pomwe pa Suggests imangotchulidwa. Akachulutsa zokakamiza, kompyuta yakale ya pasukulu imadzaza ndi zinthu zosafunika. Akachepetsa, wofufuza amasowa chida ntchito ili mkati. N'chifukwa chake ndimaona kuti luso la kompyuta lokha silikwanira pamenepa. Pamafunika munthu wodziwa zimene zimachitika mu labotale ndi m'kalasi. M'mafayilo omwewa amalembamonso mapulogalamu abwino amene sanalowe mu Debian, kuti wina adzawatenge n'kuwakonzera paketi.

Ntchitoyi ili ndi akale ake. Ben Armstrong anayambitsa Debian Jr. ya ana mu 2000, Andreas Tille n'kuyambitsa Debian Med mu 2002. Skolelinux, yomwe inabadwira ku Norway mu 2001 pofuna kuthandiza sukulu, inadzaphatikizana ndi Debian Edu. Lero kuli Debian Astro, Debian GIS, DebiChem ndi ena, ndipo kuyambira 2008 onsewa amadziwika kuti Debian Pure Blends.

Chimene ndimawalemekezera kwambiri ndi chakuti sapatuka kukayambitsa zawozawo. Chilichonse chimene akonza chimalowa mu Debian momwemo, moti cholakwika chokonzedwa ndi a zachipatala chimapindulira ngakhale amene sanamvepo za Debian Med. Tille yemweyu, atasanja mapulogalamu a zachipatala kwa zaka zoposa 20, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Debian yonse mu 2024.